Sergei Winogradsky, katswiri amene adaona moyo m'dothi

Akatswiri a zanthaka akafuna kudziwa nayitirojeni amene mbewu zingapeze m'munda, sangoyeza mchere umene uli m'dothi tsiku limenelo. Amafunanso kudziwa kuchuluka kwa tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikukhala m'dothilo, pakuti ndi timene timasunga ndi kumasula chakudya cha mbewucho. Maganizo amenewa adazika mizu chifukwa cha ntchito ya Sergei Winogradsky, amene adamwalira m'dziko la France m'chaka cha 1953 ali ndi zaka 96.

Iye adabadwira mumzinda wa Kyiv m'chaka cha 1856, m'banja lopeza bwino. Adayamba maphunziro a zamalamulo n'kuwasiya, adaphunzira kuimba piyano ku St Petersburg n'kusiyanso, kenako adakhazikika pa sayansi ya zomera. M'chaka cha 1885 adapita ku Strasbourg, kumene adapeza kuti bakiteriya wotchedwa Beggiatoa amatenga mphamvu kuchokera ku mpweya wa sulufule, uja wonunkha ngati mazira oola.

Ntchito yake yaikulu adaigwirira ku Zurich. M'chaka cha 1877 akatswiri awiri a ku France, Schloesing ndi Müntz, adali ataona kale kuti ammonia amaleka kusanduka nitrate akathirapo mankhwala a chloroform, umboni wakuti ntchitoyo imagwiridwa ndi chinthu chamoyo. Koma palibe amene adatha kuchipatula chinthucho. Ofufuza ankachinyengerera ndi chakudya chonona cha m'labotale, osadziwa kuti chakudyacho n'chimene chinkachilepheretsa kukula. Winogradsky adachimana zonsezo. Adachipatsa madzi, mchere pang'ono ndi ammonia basi. Pofika mu 1891 adali atasonyeza kuti pali magulu awiri a mabakiteriya: Nitrosomonas amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ndipo Nitrobacter amamaliza ntchitoyo popanga nitrate.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa mlimi. Chimanga chimayamwa nitrate mosavuta, koma mvula nayonso imamukokolola mosavuta, motero chimene chayezedwa m'munda lero sichingakhale chimodzimodzi mwezi wamawa.

Atabwerera ku St Petersburg adatulukiranso Clostridium pasteurianum, bakiteriya wotenga nayitirojeni mumpweya popanda kudalira mizu ya nyemba. Koma m'chaka cha 1905 adasiya ntchito ya sayansi n'kukakhala pamunda wake ku Ukraine kwa zaka pafupifupi 15. Kusintha kwa boma kwa mu 1917 kudamulanda chuma chonsecho, ndipo adathawira ku Belgrade. Mu 1922 Émile Roux, mkulu wa Pasteur Institute, adamuitana n'kumupatsa labotale ku Brie-Comte-Robert, pafupi ndi Paris.

Kumeneko, ali kale nkhalamba, adatsutsa njira imene iyemwini adatchuka nayo. Adaona kuti kachilombo koleredwa pakokha m'mbale kali ngati nyama yoweta, ndipo khalidwe lake silinena zambiri za moyo wa m'dothi mmene muli kulimbirana chakudya. Adayamba kupenda dothi lenilenilo, ndipo adasiyanitsa tizilombo todya pang'onopang'ono manyowa akale ndi tina tochulukana mwadzidzidzi pakagwa zinyalala zatsopano. Ndi kulimba mtima kosowa pakati pa anthu otchuka. Zimene adapeza adazisonkhanitsa m'buku lalikulu lotchedwa Microbiologie du sol, limene lidatuluka mu 1949.

Njira yodalirika yoyezera kuchuluka kwa tizilombo tonse ta m'dothi sadaione. Idabwera mu 1976, pamene David Jenkinson ndi David Powlson a ku Rothamsted, m'dziko la England, adafukiza dothi ndi chloroform yemwe uja, n'kuyeza mpweya wotuluka pamene tizilombo tophedwato tikuola. Mu 1985 njirayi idakonzedwa kuti nayitirojeni wa m'matupi a tizilomboto azitsukuluzidwa m'dothi n'kuyezedwa mwachindunji. Zidadziwika kuti ngakhale tizilomboti ndi gawo laling'ono chabe la manyowa a m'nthaka, nayitirojeni wake amafika msanga ku mbewu kusiyana ndi wa m'manyowa akale.

Chiphunzitso chake cha magulu awiri chidaima kwa zaka zoposa 120. Mu 2015 ofufuza adapeza mabakiteriya a mtundu wa Nitrospira amene amatha kusandutsa okha ammonia mpaka kukhala nitrate.