Kadinala Mazombwe, mwana wa kum'mawa amene agona ku Lusaka

Alendo okapemphera pa tchalitchi chachikulu cha Child Jesus mumzinda wa Lusaka amapezapo manda a Kadinala Medardo Joseph Mazombwe, mwana wa chigawo cha kum'mawa kwa Zambia.

Ambuye Mazombwe anabadwa pa 24 September 1931 m'mudzi wa Chundamira, ndipo anadzozedwa unsembe mu 1960. Mu 1971 anakhala episkopi wa Chipata, kulowa m'malo mwa Ambuye Firmin Courtemanche a ku Canada. Anatumikira anthu akwawo zaka 25 asanasamutsidwire ku Lusaka mu 1996 kukakhala arkiepiskopi.

Kumeneko anatsogolera ntchito yomanga tchalitchicho, pabwalo pomwe Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachitira Misa mu 1989. Chinadalitsidwa mu 2006, chaka chomwe iwo anapuma pa udindo. Anadziwikanso polimbikira kuti mayiko olemera akhululukire Zambia ngongole zake, zimene zinkadya ndalama zoyenera kupita kuzipatala ndi kusukulu.

Papa Benedict XVI anawasankha kukhala kadinala mu 2010, mbadwa yoyamba ya Zambia kulandira ulemuwu. Anakhala nawo zaka zosakwana zitatu, popeza anamwalira ku Lusaka pa 29 August 2013.