George Pullman, mwini mabogi ogonamo a sitima

Ku maiko a ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amafunafuna mabogi akale a sitima ya pamtunda, yomwe ena kuno timati komboyo, n'kuwakonza kuti ayendenso panjanji. Ena alibe ndalama zogulira bogi lenileni, ndiye amapanga timabogi ting'onoting'ono tokwana m'manja. Mwa mabogi amene anthuwa amawakonda kwambiri muli aja olembedwa m'mbali dzina loti Pullman. Lero patsamba lino, abale awerengi, tikufotokozerani za mwini dzinali. Iye anakometsa ulendo wa anthu a ndalama, koma antchito ake anafika pomuda kwambiri, mwakuti atamwalira achibale ake anachita mantha ndi manda ake.

Mwana wa kalipentala

George Mortimer Pullman anabadwa pa 3 Malichi 1831 ku Brocton, m'chigawo cha New York, m'dziko la America. Bambo ake anali akalipentala, ndipo ankadziwanso ntchito yosuntha nyumba yathunthu ndi majeke popanda kuigwetsa. George sanapite patali ndi sukulu. Ali mnyamata anayamba kugulitsa m'kantina, kenaka anatsatira makolo ake ku Albion, tauni ya m'mbali mwa ngalande yaikulu yoyendamo maboti yotchedwa Erie. Bambo ake atamwalira mu 1853, iye anatenga ntchito ija. Boma linali kukulitsa ngalandeyo, ndipo nyumba za m'mbali mwake zinafunika kusunthidwa.

Luso lomweli linamufikitsa ku Chicago. Mzindawu unamangidwa padambo, madzi oipa sankayenda, ndipo matenda anali osatha. Akuluakulu a mzinda anagamula kuti misewu ikwezedwe, ndipo nyumba nazo zinayenera kukwera. Mu 1860 Pullman ndi anzake ananyamula mdadada wa nyumba za njerwa mumsewu wa Lake pogwiritsa ntchito majeke 6,000 ndi amuna 600. Mu 1861 anakweza hotela yaikulu ya Tremont House alendo ali m'kati momwemo, akudya ndi kugona monga mwa masiku onse.

Anayamba ndi kukonza mabogi akale

Masiku amenewo ulendo wa usiku pa sitima unali chilango. Mipando inali youma, fumbi ndi utsi zinkalowa, ndipo mabogi ogonamo amene analipo anali auve. Mu 1859 Pullman ndi mnzake Benjamin Field anatenga mabogi awiri akale a njanji ya pakati pa Chicago ndi Alton, nachotsamo za m'kati, naikamo mabedi. Masana munthu ankakhala pampando. Usiku mipando iwiri yoyang'anizana inkasanduka bedi la pansi, ndipo bedi lina linkatsitsidwa kuchokera kudenga. Choncho munthu amene mabogi ake akukonzedwa lero, nayenso anayamba ndi kukonza mabogi otha ntchito.

Atakhala zaka zingapo ku Colorado, kumene ankachita malonda pakati pa anthu okumba golide, anabwerera ku Chicago ndi ndalama. Mu 1865 anatulutsa bogi latsopano lotchedwa Pioneer. Linadya madola pafupifupi 20,000, mtengo woposa kangapo wa bogi wamba. Munali matabwa osema bwino, magalasi, makapeti ndi nsalu zoyera zofunda. Anthu ena ankamuseka kuti palibe adzalipire ndalama yapadera kuti agone m'sitima. Analipo, ndipo anali ambiri.

Mu 1867 anakhazikitsa kampani ya Pullman Palace Car Company. Chaka chomwecho anakwatira Harriet Sanger, amene anabereka naye ana anayi. Mu 1868 anatulutsa bogi lodyeramo lotchedwa Delmonico, lokhala ndi khitchini yake. Nzeru yake ya malonda inali iyi: mabogi ogonamo sankawagulitsa kwa eni njanji. Ankawalumikiza ku sitima zawo, antchito a m'katimo ali ake, ndipo ndalama yapadera ya bedi inkapita kwa iye. Mu 1874 mabogi ake anayamba kuyenda ku England pa njanji ya Midland.

Antchito opanda maina

Ukapolo ku America unatha mu 1865. Pullman anaona kuti pali amuna akuda ambirimbiri amene angomasulidwa kumene, odziwa kutumikira m'nyumba, ndipo osowa kolowera. Anawalemba ntchito yotumikira m'mabogi. Ankayala mabedi, kupolisha nsapato, kunyamula katundu ndi kudzutsa apaulendo pa siteshoni yawo. Malipiro anali ochepa, mwakuti ankadalira kangachepe kochokera kwa apaulendo. Pofika m'zaka za m'ma 1920 ankagwira maola okwana 400 pamwezi, kugona kwake kwa maola ochepa chabe pa usiku.

Chowawa china chinali dzina. Apaulendo ambiri sankafunsa kuti wantchito ndani. Aliyense ankangomuitana George, dzina la mwini kampani, monga momwe kapolo ankadziwikira ndi dzina la mbuye wake. Komabe pakati pa anthu akuda ntchitoyi inali yaulemu, chifukwa inali yokhazikika. Amuna amenewa anaphunzitsa ana awo sukulu, ndipo ankanyamula nyuzipepala za anthu akuda kuchokera kumizinda ya kumpoto kupita kumidzi ya kumwera.

Tauni ya munthu mmodzi

Mu 1880 Pullman anagula malo okwana mahekitala pafupifupi 1,600 kumwera kwa Chicago, pafupi ndi nyanja ya Calumet. Anamangapo fabrika yaikulu ya mabogi ndi tauni yathunthu ya antchito, naitcha dzina lake. Nyumba zinali za njerwa, zokhala ndi madzi a m'mipopi ndi zimbudzi za madzi, zinthu zimene antchito ambiri a nthawi imeneyo analibe. Munali msika, sukulu, laibulale, tchalitchi ndi hotela imene anaitcha Florence, dzina la mwana wake wamkazi. Alendo ankachokera kutali kudzaona.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe wantchito ankaloledwa kugula nyumba. Zonse zinali za lendi, ndipo lendiyo inali yokwera kuposa ya m'madera oyandikana nawo, chifukwa Pullman ankafuna kuti tauniyo izimubweretsera phindu la 6 pa 100 iliyonse. Madzi ndi gasi ankagulitsa ndi kampani. Laibulale inali yolipira. Ngakhale tchalitchi chinali cha lendi. Mowa unkapezeka ku hotela kokha, kumene wantchito wamba sankafikako. Kunalibe khonsolo yosankhidwa ndi anthu, ndipo banja linkatha kutulutsidwa m'nyumba patangopita masiku 10 lichenjezedwe. Agogo athu amene anagwirapo ntchito m'makomponi a ku migodi angamvetse msanga moyo wotere, wakuti bwana wa kuntchito ndiyenso mwini nyumba imene ukugonamo.

Sitalaka ya 1894

Mu 1893 chuma cha America chinagwa. Maoda a mabogi anachepa. Kampani inachotsa antchito ambiri, ndipo otsalawo inawadula malipiro ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Lendi ya nyumba sinatsike. Ena akachotsa ya lendi ankatsala ndi timakobidi tosakwana kugula chakudya. Nthawi yomweyo eni masheya a kampani ankalandirabe phindu lawo mosadukiza.

M'mwezi wa Meyi 1894 antchito anatuma nthumwi kukadandaula. Pullman anakana kutsitsa lendi ndiponso anakana kukweza malipiro. Patapita tsiku limodzi, atatu mwa nthumwizo anachotsedwa ntchito. Pa 11 Meyi antchito pafupifupi 4,000 anataya zida pansi.

Sindikato ya antchito a njanji, American Railway Union, yotsogozedwa ndi Eugene Debs, inapempha kuti pakhale mkhalapakati woweruza nkhaniyi. Pullman anakana. Ndiye pa 26 Juni sindikatoyo inalamula mamembala ake kuti asagwire sitima iliyonse yokoka bogi la Pullman. M'masiku ochepa njanji zambiri za kumadzulo kwa Chicago zinaima. Antchito okhudzidwa anafika pafupifupi 250,000 m'zigawo 27.

Eni njanji anauza boma kuti makalata a positi sakuyenda. Pulezidenti Grover Cleveland anatumiza asilikali ku Chicago kumayambiriro kwa Julayi, ngakhale kuti bwanamkubwa wa chigawo cha Illinois anakana. Kunabuka zipolowe, mabogi mazanamazana anatenthedwa, ndipo anthu pafupifupi 30 anaphedwa. Sitalaka inagonja. Debs anamangidwa miyezi 6. Obwerera kuntchito anasainitsidwa kuti sadzalowanso sindikato.

Pullman anapambana, koma dzina lake linaipa. Komiti imene boma linakhazikitsa kuti ifufuze nkhaniyi inadzudzula kampaniyo chifukwa chokana kukambirana ndi chifukwa cha lendi. Mu 1898 khoti lalikulu la Illinois linalamula kampaniyo kuti igulitse nyumba zonse zosakhudzana ndi fabrika.

Chigamulochi iye sanachione. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 19 Okutobala 1897, ali ndi zaka 66. Achibale ake, poopa kuti anthu okwiya angadzafukule mtembo, anauika m'bokosi lokutidwa ndi mtovu, nalitsitsira m'dzenje la konkire, pamwamba nayalapo zitsulo za njanji, nathiranso konkire wina. Manda akewo ali ku Graceland, mumzinda wa Chicago. M'chuma chimene anasiya anapatulapo madola oposa 1 miliyoni omangira sukulu ya ntchito zamanja ya ana a m'tauni ija. Utsogoleri wa kampani unapita kwa Robert Todd Lincoln, mwana wa pulezidenti Abraham Lincoln, yemwe analengeza za kumasulidwa kwa akapolo.

Antchito akuda a m'mabogi sanali m'sitalaka ya 1894, chifukwa sindikato ija sinkalandira anthu akuda. Anakhazikitsa yawoyawo mu 1925 motsogozedwa ndi A. Philip Randolph. Anavutika zaka 12, ndipo mu 1937 kampani inasaina nawo pangano lokweza malipiro ndi kutsitsa maola kufika pa 240 pamwezi.

Mabogi aukanso

Magalimoto ndi ndege zitachuluka, anthu ambiri anasiya kugona m'sitima. Kampani ya Pullman inaleka ntchito ya mabogi ogonamo kumapeto kwa 1968. Mabogi ambiri anaphwanyidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo. Ku England, kumene dzina la Pullman linapitirira pansi pa kampani ina ya komweko, sitima yotchuka ya Brighton Belle inaleka kuyenda mu 1972, ndipo ena mwa mabogi ake anasanduka malo odyera pambali pa mabala.

Mu 1977 munthu wina wamalonda wa ku America, James Sherwood, anagula mabogi awiri akale ogonamo pa okushoni ku Monte Carlo. Kenaka anasakasaka ena m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo a dzina la Pullman a m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Atakonzedwa, pa 25 Meyi 1982 anayamba kunyamula anthu pa ulendo wochokera ku London kupita ku Venice.

Kukonza bogi lotere si ntchito ya mwezi umodzi. Amisiri amayamba alichotsa zonse za m'kati mpaka kutsala chigoba. Amachotsa dzimbiri ndi matabwa ofumbwa. Mawilo, mabuleki ndi mawaya a magetsi amakonzedwa kuti zigwirizane ndi malamulo a njanji a masiku ano. Kenaka amabwezeretsa zokongoletsa za m'makoma, zomwe ndi tizidutswa topyapyala ta mitengo ya mitundu yosiyanasiyana tolumikizidwa kukhala maluwa ndi mbalame. Kachidutswa kamodzi kakasowa, amafunafuna mtengo wa mtundu womwewo. Pomaliza ndi penti. Mabogi a ku England amapakidwa utoto wofiirira ndi wonga mkaka, ndipo lililonse lili ndi dzina lake, monga Audrey, Vera ndi Ibis. A ku America ambiri ankakhala obiriwira moderako.

Opanga timabogi tating'ono nawonso amatsata muyeso. Ku England ambiri amachepetsa bogi ka 76, mwakuti bogi la mamita 20 limakhala la masentimita pafupifupi 26. Kwina amachepetsa ka 87. Amaikamo timipando, timatebulo ndi tinyali toyaka, ndipo amayang'ana zithunzi zakale kuti asaphonye ngakhale chiwerengero cha mawindo.

Tauni ija ya Pullman idakalipo, tsopano ndi dera la mzinda wa Chicago, ndipo anthu akukhalabe m'nyumba zake. Mu 1995 kumeneko kunatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri ya antchito akuda a m'mabogi, yotchedwa dzina la Randolph. Mu 2015 pulezidenti wa nthawi imeneyo, Barack Obama, analengeza kuti deralo ndi malo a mbiri otetezedwa ndi boma. Alendo ofika kumeneko amaona nsanja ya wotchi ya fabrika ndi hotela ya Florence, ndipo amauzidwanso za lendi imene sinatsike, za anthu amene anafa mu Julayi 1894, ndi za amuna amene anayala mabedi zaka zambiri akuitanidwa ndi dzina la munthu wina.