Ignatius Woyera wa ku Loyola: Msilikali Amene Anazunzika ndi Maganizo Osawafuna

Chaka chilichonse pa 31 Julayi Eklezia Katolika amakumbukira Ignatius Woyera wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha Ajezuiti. Ambiri amamudziwa ngati mphunzitsi wamkulu wa mapemphero, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kwa miyezi ingapo woyerayu anasautsidwa ndi maganizo obwera okha m'mutu mwake, mpaka kutsala pang'ono kutaya moyo wake. Mbiri yake ndi yothandiza kwa ife, chifukwa m'maparishi mwathu kuno ku Chikwawa ndi Nsanje muli akhristu amene anasiya kulandira Ukaristia kaamba koti mawu onyoza Mulungu kapena zithunzi zonyansa zimawabwerera pa nthawi ya Misa, ndipo amadziyesa otayika.

Ignatius anabadwa m'chaka cha 1491 ku Loyola, kumpoto kwa dziko la Spain, m'banja lolemekezeka. Pa unyamata wake ankakonda ulemu, zovala zapamwamba ndi nkhondo. Pa 20 Meyi 1521, akuteteza mzinda wa Pamplona kwa asilikali a ku France, chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo. Anamunyamula kupita naye kwao, kumene anagona miyezi yambiri. Mabuku a nthano za ankhondo amene ankawafuna munalibe m'nyumbamo, choncho anamupatsa buku la moyo wa Ambuye Yesu ndi lina la mbiri za anthu oyera.

Ali chigonere anazindikira chinthu chimene chinadzakhala maziko a chiphunzitso chake chonse. Akamalingalira za ulemu wa pansi pano ankakondwa, koma pambuyo pake mtima unkatsala wouma. Akamalingalira zotsanzira Francis Woyera ndi Dominic Woyera, chimwemwe chinkakhalitsa. Apa anaphunzira kuti maganizo ali ndi kumene amachokera ndi kumene amamufikitsa munthu, ndipo kuti munthu angathe kuwapima.

Mdima wa ku Manresa

M'mwezi wa Malichi 1522 anafika ku nyumba ya amonke ya Montserrat. Analemba machimo a moyo wake wonse, nalapa kwa masiku atatu, nasiya lupanga lake pa guwa la Amayi Maria. Kenaka anapita ku tauni ya Manresa, kumene anakhala pafupifupi miyezi 11. Ankapemphera chogwada maola 7 pa tsiku, kudzuka pakati pa usiku, ndi kudya zopemphetsa.

Kumeneko ndiko mavuto anayambira. Ganizo linayamba kumubwerera lakuti pali tchimo lina limene sanaliulule bwino. Akapita kukalapanso, mtima unkakhala pansi kanthawi kochepa, kenaka ganizo lija linkabweranso ndi mphamvu zoposa. Wansembe wina wophunzira kwambiri anamulangiza kuti alembe zonse zimene angakumbukire. Anatero, koma sizinathandize. Wansembe womulapitsa anamuuza kuti asabwerezenso zakale pokhapokha zikhale zoonekeratu kuti ndi tchimo, koma kwa Ignatius zonse zinkaoneka zoonekeratu. Iye mwini ankadziwa kuti nkhawazi zikumuononga, komabe sankatha kuzileka.

Pa nthawiyo ankagona m'kachipinda kamene ansembe a chipani cha Dominic Woyera anamupatsa. M'kachipindamo, pafupi ndi pamene ankapempherera, munali chibowo chachikulu, ndipo kangapo konse ganizo linamubwerera mwamphamvu lakuti adziponye m'menemo. Analikana, nafuulira kwa Mulungu kuti sadzachita chinthu chomulakwira. Atasowa pogwira, anatsimikiza kusadya kapena kumwa kanthu mpaka Mulungu atamuyankha. Anakhala sabata yathunthu osalawa chakudya. Lamulungu lotsatira anaulula zimenezi kwa wansembe wake, amene anamulamula kuti adye. Anamvera, napeza mtendere masiku awiri. Tsiku lachitatu maganizo aja anabwerera, ndipo anamufikitsa ponyansidwa ndi moyo wachikhristu umene anali atauyamba, mpaka kufuna kuusiya.

Pamenepo maso ake anatseguka ngati munthu wodzuka kutulo. Anatsata mapazi a maganizowo kuyambira pamene analowera, naona kumene amufikitsa: anayamba ngati changu cha kulapa bwino, koma mathero ake anali kutaya mtima ndi kutaya Mulungu. Mtengo wobala zipatso zotere sungachokere kwa Mulungu. Anatsimikiza kuti sadzaululanso machimo akale amene anali atakhululukidwa kale, ndipo kuyambira tsiku limenelo anamasuka. Zonsezi anazifotokoza yekha ali wokalamba, pakati pa 1553 ndi 1555, kwa Bambo Luís Gonçalves da Câmara amene anazilemba.

Zimene anaphunzitsa

Ignatius sanabise bala lakeli. M'buku lake la m'bindikiro wa masiku 30, limene Papa Paul III analivomereza m'chaka cha 1548, anaphunzitsa kuti mwa munthu mumapezeka maganizo amitundu itatu: ake enieni ochokera m'kufuna kwake, ena ochokera kwa mzimu wabwino, ndi ena ochokera kwa mzimu woipa. Ganizo loipa likabwera munthu nkulikana, sanachimwe, ndipo likabwera kawirikawiri iye osalivomera, mphotho yake imakula. M'chaka cha 1536 analembera Sisitere Teresa Rejadell wa ku Barcelona, amene ankavutika chimodzimodzi, kuti asalabadire maganizo oipa amene sanawavomere, popeza munthu saweruzidwa chifukwa cha zimene mdani waika patsogolo pake. Katekisimu wa Eklezia amanena zomwezo: kuti tchimo likhale lalikulu pamafunika chinthu chachikulu, kuchidziwa bwino, ndi kuchivomera mwadala.

Anaonanso kuti mdani amayamba wapima chikumbumtima cha munthu. Wotayirira amamutayiriritsa, pamene woopa Mulungu amamuonjezera mantha mpaka aziona tchimo pamene palibe. Nchifukwa chake maganizo onyoza Mulungu amazunza kwambiri anthu okonda Mulungu, ndipo chisoni chimene munthu amamva nacho ndi umboni wakuti mtima wake sunavomere. Analangizanso zinthu ziwiri: pa nthawi ya mdima munthu asasinthe zabwino zimene anatsimikiza pa nthawi ya kuwala, ndipo asasunge chinsinsi cha mdani, koma achiulule kwa wansembe kapena munthu wina wokhwima pa zauzimu.

Ife a m'chigwa cha Shire timadziwa namasupuni. Msodzi wokhala m'mbali mwa mtsinje samuitana, ndipo sangamuletse kudutsa. Akati alowe m'madzi kuti alimbane ndi tsinde lililonse, atopa osagwira nsomba. Wanzeru amamuona akudutsa, napitiriza ntchito yake. Madokotala a matenda a maganizo masiku ano amanenanso chimodzimodzi: pafupifupi munthu aliyense amabwereredwa ndi maganizo achilendo, ndipo kulimbana nawo mwamantha kapena kufuna kutsimikiziridwa mobwerezabwereza kumawapatsa mphamvu. Mwa anthu ena vutoli limakula nkukhala matenda otchedwa OCD, amene ali ndi chithandizo. Enanso amene anapulumuka madzi osefukira a 2015 kapena namondwe Freddy wa 2023 amaonabe zithunzi za masiku aja usiku. Anthu otere sanalodzedwe, ndipo sanatembereredwe.

Mathero a moyo wake

Atachoka ku Manresa anakayendera malo oyera ku Yerusalemu, nabwerera kusukulu ali ndi zaka zoposa 30. Pa 15 Ogasiti 1534 iye ndi anzake 6 anachita malumbiro ku Montmartre, mu mzinda wa Paris. Anadzozedwa unsembe mu 1537, ndipo pa 27 Sepitembala 1540 Papa Paul III anavomereza chipani chawo. Anachitsogolera ali ku Roma mpaka pamene anamwalira, pa 31 Julayi 1556. Patangopita zaka zinayi, mmodzi wa ansembe a chipanicho, Gonçalo da Silveira, anakwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena, kufupi ndi kumene Shire amathira, napitirira ku Tete mpaka ku likulu la Mwenemutapa, kumene anaphedwa mu Malichi 1561. Papa Gregory XV analengeza Ignatius kukhala woyera pa 12 Malichi 1622.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, mkhristu akakuululirani maganizo otere musadzidzimuke kapena kumuuza kuti aonjezere kusala zakudya. Ignatius anasala sabata yathunthu osapindula kanthu. Mumvetsereni, mumuphunzitse kusiyana kwa chinyengo ndi tchimo, mumulimbikitse kukhala ndi wansembe mmodzi womulangiza ndi kubwerera ku Ukaristia. Ngati maganizowo akumulepheretsa kugona kapena kugwira ntchito, muperekezeni kuchipatala. Ngati akunena zodzipha, musamusiye yekha, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.

Ignatius Woyera wa ku Loyola, mutipempherere ife.