Johannes Kepler, Wopima Njira za Mapulaneti

Johannes Kepler anabadwa m'caka ca 1571 ku Weil der Stadt, m'dziko la Germany. Nthomba inamgwira akali mwana, nimfooketsa maso. Koma ndiye anadzazindikira mayendedwe a nyenyezi zoyendayenda, ndizo mapulaneti.

Anzeru akale anaphunzitsa kuti njira zao ziri mkombero weniweni. Kepler anayesa ciphunzitsoco pa miyeso ya Mars imene Tycho Brahe anaisiya, napeza kuti zisiyana pang'ono pokha. Wina akadabisa kusiyanako. Iye anataya nchito yace yaitali, nayambanso.

M'caka ca 1609 anaonetsa kuti Mars azungulira dzuwa mu mkombero wopanidwa pang'ono, nafulumira poliyandikira. Anamwalira ku Regensburg m'caka ca 1630.