Masauko Chipembere, Mwana wa ku Malindi

Kwathu ku Nkhudzi akuluakulu ambiri amalidziŵa dzina la Henry Masauko Chipembere, koma ife achinyamata timangolimva ngati dzina la msewu waukulu wa mu mzinda wa Blantyre. Nchifukwa chake ndaganiza zoti ndikufotokozereni mbiri ya bambo ameneŵa mwachidule.

A Chipembere anabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, koma kwawo kunali ku Malindi, tsidya lina la nyanja yathuyi. Bambo awo, a Habil Chipembere, anali mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anadzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican. Mnyamatayu anaphunzira ku Blantyre Secondary School, ku Goromonzi, kenaka ku Fort Hare ku South Africa.

M'chaka cha 1956 anasankhidwa kuloŵa m'nyumba ya malamulo pamodzi ndi a Kanyama Chiume. Poona kuti anthu sangatsate achinyamata okhaokha polimbana ndi chitaganya, iwo analimbikira kuitana Dr. Banda, amene anafika pa 6 Julaye 1958. M'mwezi wa Malichi 1959 atsamunda anawamanga naŵatsekera ku Gwelo. Atatuluka mu 1960 sanakhalitse panja, pakuti anamangidwanso chifukwa cha zolankhula zawo mpaka 1963.

Ufulu utabwera mu 1964, iwo anali nduna ya zamaphunziro. Pasanathe miyezi itatu nduna zinasemphana maganizo ndi Dr. Banda pa nkhani ya tiki yolipira kuchipatala, kuchedwa kukweza Amalaŵi pa ntchito za boma, ndi ubale ndi Apwitikizi. Nthaŵiyo a Chipembere anali ku Canada. Akadafuna akadasunga mpando wawo, koma atabwerako anatula pansi udindo nakhala mbali ya anzawo ochotsedwawo.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsogolera amuna pafupifupi 200. Iwo analanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, nayamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ndipo ulendo unathera pomwepo. A Chipembere anathaŵira ku America, kenaka anakaphunzitsa ku Tanzania, nabwereranso ku California komwe anamwalira ndi matenda a shuga pa 24 Seputembala 1975 ali ndi zaka 45.

Ine ndimaŵalemekeza chifukwa anataya unduna m'malo motaya anzawo. Komabe nkhani ya mfuti imandivuta mumtima, popeza njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu: anthu wamba a m'midzi ya Mangochi ndiwo anazunzika pambuyo pake, ena kumangidwa, ena kutenthedwa nyumba.

Mayi Catherine Chipembere, akazi awo, anabwerera kumudzi ndipo mu 1994 anasankhidwa kukhala phungu. Anzanga, tiyeni tifunse agogo athu za masiku amenewo akadali moyo, kuti tidzathe kuweruza tokha.