Sir Frank Dixey ndi Mawanga a Padzuwa

Alimi a ku Chinguluwe ndi asodzi a m'mphepete mwa nyanja ku Salima amadziwa kuti madzi a nyanja ya Malawi sakhala pamlingo umodzi. Mmodzi mwa akatswiri oyamba kufufuza chifukwa chake pogwiritsa ntchito manambala anali Frank Dixey.

Dixey anabadwira ku Bristol m'dziko la England m'chaka cha 1892. Ataphunzira za miyala ndi nthaka ku Cardiff, anagwira ntchito ku Sierra Leone, ndipo mu 1921 anafika ku Nyasaland monga katswiri wa boma. Iye anapeza nyanja itaphwa ndithu. Kuyambira 1915 mchenga ndi udzu zinali zitatseka pamene mtsinje wa Shire umatulukira.

Mu 1923 katswiri wa zanyengo, C. E. P. Brooks, anaonetsa kuti madzi a nyanja ya Victoria amakwera ndi kutsika motsatira mawanga akuda a padzuwa, amene amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Chaka chotsatira Dixey analemba m'magazini ya Nature kuti nyanja yathu nayo ikuoneka kuti imatero. Mizere iwiri, wa madzi ndi wa mawanga, inkayendera limodzi mokopa maso. Ndani sakanakopeka? Chikhala kuti zinali zoona, mlimi ndi woyendetsa sitima akanadziwiratu za madzi zaka zambiri zisanafike.

Koma miyeso yolembedwa bwino inali ya zaka zosakwana 30, ndiko kuti mawangawo anali asanazungulire ngakhale katatu. Pa nyengo yaifupi chotere, mizere iwiri yokwera ndi kutsika ikhoza kufanana mwangozi. Zaka zotsatira zinaweruza nkhaniyi. Mawanga anachuluka cha mu 1928 nachepa cha mu 1933, koma nyanja inangopitirira kukwera kufikira madzi anaboola chotchinga cha Shire cha mu 1935. Ku Victoria nakonso mgwirizanowo unasokonekera. Mlingo wa nyanja umatsata mvula yogwa, madzi ouluka ndi dzuwa, ndi madzi otuluka mu Shire. Potulukira pakatsekeka, zotsala za chaka chilichonse zimaunjikana.

N'chifukwa chake lero wolemba pulogalamu ya kompyuta yokokera mzere pakati pa miyeso amabisa dala miyeso ina, kenaka n'kuona ngati mzerewo ukuilosera molondola. Dixey analibe chobisa. Anayenera kudikira nyanja.

Ntchito yake yokhalitsa inali ya pansi pa nthaka. Anafufuza miyala ya ku Karonga momwe muli mafupa a nyama zakalekale, ndipo imodzi mwa izo imatchedwa Malawisaurus dixeyi pomulemekeza. Buku lake la kapezedwe ka madzi linatuluka mu 1931. Anachoka ku Nyasaland mu 1939, ndipo kuyambira 1947 anatsogolera kafukufuku wa miyala m'maiko onse olamulidwa ndi Britain. Anamwalira mu 1982, patapita zaka ziwiri nyanja itafika pamlingo wapamwamba koposa chiyambireni kuyezedwa.