Hansa Mehta ndi Liwu Limodzi

Hansa Mehta anabadwa m'chaka cha 1897 ku Surat, m'dziko la India. Masiku amenewo asungwana ambiri a kumeneko ankakwatiwa asanathe msinkhu, koma iye atate wake anamphunzitsa kufikira sukulu zapamwamba. Atakula anadana nawo mwambo wokwatitsa ana, nalimbana nawo pamodzi ndi amayi anzake.

M'chaka cha 1947 dziko lake linamtuma ku bungwe la United Nations, kumene akuluakulu analikulemba chikalata cha ufulu wa anthu onse. Tsono m'Chingerezi liwu lotchula amuna limatchulanso anthu, ndipo alembi aja analiika pa chiyambi penipeni. Ambiri sanaonepo cholakwa. Hansa anakana, pakuti anadziwa kuti tsiku lina woweruza wouma mtima adzawerenga amuna okhaokha, ndi kusiya akazi kubwalo. Sanaleke kudandaula kufikira anzake analemba liwu lokwanira onse, ndipo mitundu inavomereza chikalatacho ku Paris pa 10 Disembala 1948.

Kwao anathandizanso kulemba malamulo aakulu a India. Anamwalira m'chaka cha 1995.

Chikalata chija chinafika ndi kuno komwe. M'chaka cha 1993, pa mlandu wa Chakufwa Chihana, bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti chili m'gulu la malamulo a Malawi. M'chaka cha 2017 aphungu anakonza malamulo aakulu, naletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Pamenepo n'kuti ku Dedza kuno Mfumu Theresa Kachindamoto atathetsa kale maukwati otere mazanamazana, nabwezera asungwana ku sukulu.